Tsamba Lanu Landionetsa M'kamwa mwa Apongozi

Kwa Olemekezeka Mkulu wa Bungwe la Sungani Mawu,
Ku Lilongwe.

Bwana,

Ndikulemba kalata ino nditagwada. Ndine Aroni Gwirize, mphunzitsi wa Sitandade 4 kuno kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, mmodzi mwa amwayi amene munawaitanira ku Mponela kukaphunzira kusunga mawu akale pa tsamba lanu la pa intaneti. Mpunga wa tsiku lija sindidzauiwala. Munati aliyense akapeze wachikulire wodziwa ntchito yamanja, amujambule akutchula mawu a ntchitoyo, kenako awalembe ndi zilembo zimene tsambalo limalangiza. Ndinamvera, ndipo Loweruka likubwerali ankhoswe akumana kuti aone ngati ndikuyenerabe kukhala ndi mkazi wanga Iness. Ndiye ndati ndikuthokozeni ndisanasudzulidwe.

Choyamba, zikomo potiuza kuti tisankhe katswiri. Woumba mbiya watsala mmodzi yekha m'dera lino, aNankhoma, amene amadziwa dzina la dothi lililonse la ku mtapo ndi la mphika uliwonse. ANankhomawo ndi apongozi anga, ndipo ine ndili pachikamwini m'mudzi mwawo. Kwa zaka khumi ndi ziwiri takhala mwaulemu. Tikakumana panjira wina amapatukira kutchire, tikamalankhulana wina amakhala kuseri kwa nkhokwe. Sindinkadziwa n'komwe kuti ali ndi mano angati. Chifukwa cha inu, lero ndikudziwa. Atsala asanu ndi awiri.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha makutu a tsamba lanu. Poyamba ndinajambula mwamwambo, iwo kuseri kwa nkhokwe, ine kuno, foni nditaimangirira ku nsungwi. Tsambalo linakana, linati likumva nkhuku. Linanena zoona, nkhuku tili nazo.

Chachitatu, malangizo anu a nambala 4 ndi anzeru zedi. Akuti foni ikhale chikhato chimodzi kuchokera pakamwa pa wolankhula, nkhope ioneke yonse, wojambula ayang'anitsitse milomo ndi lilime kuti asankhe chilembo choyenera, ndipo liwu lililonse litchulidwe katatu. Amene analemba zimenezi ayenera kuti anakwatira mwana wamasiye. Pambuyo pake munaonjezanso kuti tsambalo lizijambula pokhapokha pali netiweki. Kwathu kuno netiweki imapezeka pathanthwe limodzi pamwamba pa mudzi, lokwana anthu awiri atapanikizana, ndipo aliyense wopita ku mjigo amaliona bwinobwino.

ANankhoma anavomera kukwera. Anatumiza mawu kudzera mwa Iness kuti zidzukulu zawo zikungodziwa zidebe za pulasitiki, ndipo sakufuna kuti mawu a amayi awo akalowe nawo m'manda. Izi zinandikhudza kwambiri, bwana, mpaka pano. Tinakwera, iwo patsogolo, ine patali m'mbuyo monga mwa ulemu. Pathanthwepo anadzifunda chitenje kumutu. Tsamba lanu linati silikuona nkhope. Anachotsa chitenjecho kumutu, maondo athu anagundana, ine ndikusuzumira m'kamwa mwa mayi amene anandiberekera mkazi, iwo akutchula katatu liwu loti nkhulungo, mwala wosalazira mbiya.

Amalume a Iness, a Gregorio, ankadutsa m'munsi ndi ngolo ya fodya. Anaimitsa ng'ombe, anayang'ana, anavula chipewa n'kuyang'ananso. Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti aphunzitsi asokonekera mutu ndi foni. Ndinayesa kuwaonetsa malangizo anu, koma iwo akuti pamene ndinkafunsira mbeta sanamve zoti ndili ndi malume dzina lake Tsamba. Iness, amene anatumidwa yekha uthenga uja, tsopano akuti sankadziwa kuti zikafika pa maondo.

Chachinayi, ndalandira uthenga wanu wa dzana wonena kuti tsambalo mwalikonzanso kuti likhale lamakono, choncho zonse zimene tinajambula zafufutika, tijambulenso. Mwandithokozanso chifukwa cha kudekha. Ambuye akudalitseni, inu ndi makompyuta anu onse.

Pempho langa ndi laling'ono. Loweruka mubwere kuno, msewu ndi wouma, galimoto yanu yaikulu ija ifika. Mutenge apongozi anu enieni, amene anabereka akazi anu. Thanthwe ndilisesa. Mukhale nawo pamenepo maondo atagundana, muwasuzumire m'kamwa, atchule liwu lililonse limene angakonde katatu, a Gregorio ndi ankhoswe akuonerera. Akaona kuti ku Lilongwe anthu ophunzira mumatero, mwina andisiyira mkazi wanga, ndipo aNankhoma adzakweranso mawu awo alembedwe asanatisiye.

Ngati mukuona kuti n'zochititsa manyazi kuwapempha apongozi anuwo, musadandaule bwana, ndikumvetsa.

Ine wanu womvera malangizo onse,

Aroni Gwirize
Mkamwini, mpaka Loweruka.