Chimera cha ku Kamwala

Lolemba, 14 Okutobala

Loweruka tikuvundukula mwala pamanda a apongozi anga aamuna. Abale akubwera a ku Matero, a ku Kuku, ngakhale mng'ono wa malemu kuchokera ku Dedza. Ndiye mowa ndifulule ine! Ine wobadwira muno mu Chawama, woimba kwaya, amene sindinalawepo mowa chibadwire.

Apongozi aakazi anathyoka mkono ataterereka pampopi, ndiye angondipatsa malamulo ali pampando: diramu limodzi, mgaiwa ndowa imodzi, chimera mbale zinayi. "Osaonjeza, osachotsa, amake Tiya. Malemu ankaukonda wofatsa."

Vuto ndi ili. Chimera chawo cha mawere, chimene anandisungitsa mwezi watha, ndachipeza chikuyenda chokha. Anankafumbwe okhaokha! Kuwauza sindingathe. Mayi amenewa akakuyang'ana, umayamba kukumbukira machimo a chaka chatha.

Ndathamangira kumsika wa ku Kamwala. Masiku ano m'mashopu mwadzaza za ku Joni, ndipo ndapeza chimera cha m'mapaketi, chopera kale. Wogulitsa akuti chimera ndi chimera basi. Chimeracho ndachikhuthula, mapaketiwo ndawatentha pambaula kuti apongozi asawaone.

Phala ndaphika. Ambuye, yang'anani kumbali sabata ino yokha.

Lachiwiri

Ndawiritsanso phala, lazizira, ndathira mbale zinayi monga anandiuzira. Apongozi anati lidzasungunuka pang'onopang'ono mpaka madzulo. Ili lasungunuka mthiko ndili nawo m'manja! Phala lolimba lija lasanduka madzi ndikuona.

Ndanyambita chala. Mowa usanawire si tchimo. Kutsekemera kwake ngati uchi, moti njuchi zafika kale.

Ndaitana bana Mwila, aneba athu, amene amafulula wogulitsa. Alawa, andiyang'ana, alawanso.

"Imwe bamake Tiya, mwafakamo chani? Ngati wanzuna so lelo, pa Chisanu uzapaya bantu."

Kunzuna ndiko kutsekemera. Akuti chimera chimenechi mbale imodzi ikugwira ntchito ya mbale zitatu. Kutsekemera konseku kusanduka ukali. Kuchotsamo sikutheka, chalowa chalowa. Njira ndi imodzi yokha: kuonjeza phala ndi madzi mpaka zilingane.



Lachitatu

Zinayi kuchulukitsa katatu ndi khumi ndi ziwiri. Ndiye kuti ndathira chimera cha madiramu atatu. Zofunika lero:

madiramu ena awiri
mgaiwa ndowa ziwiri
makala
madzi, madzi, madzinso
choti ndikawauze apongozi

Diramu lina andibwereka bana Mwila. Linalo ndakabwereka kwa amayi busa athu. Ndawauza kuti ndi losungira madzi a alendo. Madzi alimodi, pang'ono. Iwo mpaka andipempherera, akuti ndine mkazi wodziwa kuchereza. Ndatuluka ndikuligubuduza.

Ndatapa m'diramu loyamba kugawira awiriwo, ndaonjeza phala latsopano ndi madzi. Kenako masana mpopi wangoti fyoo, wauma. Mzere wa zigubu mpaka kumsewu. Diramu loyamba latsala ndi theka, lopanda dontho la madzi, zonse zolemera zili pansi pake. Ndalikankhira kuseri kwa nyumba, ndaliphimba ndi chiguduli.

Madzi akabwera mawa ndikonza.

Lachinayi

Madzi sanabwere.

Mowa wayamba kuwira. Sindinkadziwa kuti mowa umalankhula! Awiri aja akung'ung'udza chapansipansi, koma la kuseri likubangula. Chivundikiro ndachitsendereza ndi njerwa ziwiri, chazikankha. Thovu latsetsereka mpaka m'kanjira kopita kuchimbudzi.

Fungo lafika kumsewu. Ndayesa kutentha makoko a malalanje, tsopano pakununkha mowa wa malalanje.

Cha m'ma teni apolisi awiri adutsa, aima pampanda, akweza mphuno. Ndalowa m'nyumba, ndagwada kuseri kwa chitseko, ndikuganiza za m'selo ndi amene adzanditengere bulangete. Bana Mwila atuluka kukalankhula nawo. Atapita ndafunsa kuti akufuna chiyani.

"Bafunsa chabe kuti uzapya liti."

Kukwaya sindinapite. Ndatumiza uthenga woti mutu. Mutu ukupwetekadi.

Lachisanu

Tasuza madiramu onse atatu, ine ndi bana Mwila. Manja anga akununkha ngati bala ya pakona.

Pafunika wolawa. Bana Mwila akana la kuseri: "Ine nili na bana bang'ono." Ndiye ndapempha amuna anga, bambo a Tiya. Chiwathereni ntchito kampani yawo itagulitsidwa, miyezi isanu ndi itatu tsopano, amangokhala pakhonde ndi wailesi, osalankhula ndi munthu. Ndawapatsa kapu imodzi. Imodzi yokha!

Amwa. Kenako alowa m'nyumba, atuluka atavala ovolosi yawo yakale.

"Ndikupita kukawauza."

"Kukauza ndani?"

"Eni ake atsopano."

Ndawagwira mkono, andisasa ngati nyerere. Ulendo wa ku Heavy Industrial Area kumene kuli kampaniyo, wapansi, dzuwa lili pamutu. Tsiku lonse ndakhala pampanda, maso ali kumsewu. Agalu a pageti paja! Zibonga za alonda!

Abwera cha m'ma folo pawilibala, nsapato imodzi palibe. Mwayi wake mlonda wa pageti ndi mnzawo wakale, ndiye wawaperekeza. Mlondayo akuti bambo a Tiya anaima pageti n'kulalikira ola lathunthu, mpanda ukumvetsera. Iwo akungobwereza kuti, "Ndawauza, amake Tiya, ndawauza."

Ndangowagoneka, apongozi atulukira, limodzi ndi mng'ono wa malemu uja, abambo aang'ono a ku Dedza. Ndatunga m'diramu la amayi busa, lomwe lili ndi madzi ambiri. Apongozi alawa. Ameza.

"Waukaliko pang'ono. Koma ndi kutentha kwa mwezi uno."

Za diramu loonjezera ndati ndimaopa kuchepekedwa. Awona awiri okha, sanafunse lachitatu. Mawa mmamawa ndilitaya m'ngalande.

Loweruka

Ndachedwa.

Ndikupita kuseri ndi ndowa, ndapeza chiguduli chili pansi, abambo aang'ono ali tsonga panjerwa, kapu ili m'manja.

"Uwu mwabisira ndani, apongozi? Uwu ndiye mowa!"

Akuti ndi kapu yachiwiri. Ndipo wolankhula m'malo mwa banja kumanda ndi iwowo.

M'basi ndapemphera njira yonse kuti agone. Sanagone. Kumanda ayenda bwinobwino, jekete yomanga mabatani, ndipo ndayamba kulimba mtima. Nsalu yavundukulidwa, mwala wokongola, apongozi alira pang'ono. Abambo aang'ono atsokomola, agwira mwalawo ngati phewa la munthu.

"Achimwene, gonani mumtendere. Munali munthu wachilungamo. Ntchito ya njanji munaigwira mokhulupirika. Nyumba zanu zonse ziwiri munazisamala, ya ku Matero ndi ya ku Kabwe, palibe imene inagona ndi njala."

Ya ku Matero timaidziwa, ndi ya apongozi.

Ya ku Kabwe? Abusa a mpingo wa apongozi ayambitsa nyimbo, aimba okha vesi yonse. Bambo a Tiya akuyang'ana nsapato zobwereka. Apongozi sanagwedezeke, angoyang'ana mwala, kenako ayang'ana abambo aang'ono, kenako, Mayo ine, ayang'ana ine.

Kunyumba anthu adya mwakachetechete. Madiramu awiri atha. Palibe wandiyamikira, palibe wandikalipira. Bola akanandikalipira.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Diramu la amayi busa ndalitsuka kanayi, ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu. Likununkhabe.

Apongozi agona konkuno. Mmawa andiitana kuchipinda. Ndagwada pakhomo, ndaulula zonse: anankafumbwe, Kamwala, mapaketi, mpopi. Ndimati andiuze zolongedza katundu.

Andisiya mpaka ndamaliza.

"Ndinkadziwa kuti ku Kabwe sankapitira njanji yokha. Zaka makumi atatu, abale onsewa akudya m'nyumba mwanga, palibe anayerekeza kutsegula pakamwa. Watsala wochuluka bwanji wa kuseri uja?"

Ndati ndowa imodzi.

Atuma bambo a Tiya kukadzutsa abambo aang'ono, awapatse kapu ina, alembe dzina la mayi wa ku Kabwe ndi nambala ya nyumba asanatsitsimuke. Alemba.

Lachiwiri tikupita ku Kabwe. Iwo ali ndi mkono umodzi, ndiye wonyamula chigubu ndine. Akuti akufuna mnzawoyo nayenso alaweko, kenako acheze.

Ndikukachapa chitenje.