Injiniya ndi Lole Yokana Kulira

Lolemba pa 9 Juni, m'mawa kukuzizira, amuna atatu anagwidwa mumpanda wa holoselo akufuna kuba lole ya dizilo yodzaza makatoni a mafuta ophikira. Loleyo sinasunthe ngakhale pang'ono.

Pulani inapangidwa Loweruka ku bala ya kuseri kwa depoti. Mkulu wa gululo, amene anzake amamutcha Jenerali, anagoneka botolo patebulo n'kunena kuti imeneyo ndi lole.

"Kiyi amagona momwemo, aise. Mlonda amaweruka kukangoyera, Madamu eni holoselo amabwera dzuwa litakwera. Pakatipa ndi pathu. Zala atsegula geti, Injiniya aona za injini, ine ndiyendetsa. Phwiii, tapita!"

Palibe anafunsa chifukwa chimene lole yodzaza katundu imagonera ndi kiyi.

Injiniya anagwirapo ntchito pa galaja, mpaka tsiku limene bwana wake anamuchotsa pamaso pa makasitomala, ati sadziwa zamagetsi. Za kutha kwa ntchitoyo anaziiwala, koma mawuwo ankamudyabe mumtima.

Zala anatsegula loko wa pageti mosavuta ndi kawaya kake. Jenerali anakwera n'kupotokola kiyi. Sitata inazungulira, utsi woyera unatuluka kumbuyo, injini osalira. Anapotokolanso.

"Basi, mupha batire!" anatero Injiniya. "Dizilo si petulo. Kukazizira imafuna mahita, mapulagi otenthetsa m'kati mwa injini. Kagetsi kake kayaka padashibodipo?"

"Sikanayake."

Injiniya anamwetulira koyamba chaka chimenecho. Anatulutsa tesita m'thumba, kababu kokhala ndi waya. Anamasula kachitsulo kolumikiza mapulagi anayiwo n'kuwayesa imodziimodzi kuchokera ku batire. Babu linayaka ponseponse, kusonyeza kuti mahita ndi amoyo. Fyuzi inalinso yabwino. Koma kiyi akapotokoledwa, moto sunkafika ku mapulagi.

"Ndiye titani?" anafunsa Zala, mano akugundana.

"Titalumphitsa waya kuchoka ku batire kupita ku mahita, ikhoza kulira pompano."

"Lumphitsa, tizipita!" anatero Jenerali.

"Imeneyo ndi ntchito ya pansi pa mtengo, akulu. Vuto likhala lilipobe. Ine ndikuti ndi rile, kabokosi kamene kamatsegulira motowo. Tamverani, sikakugogoda."

"Mwana wa mayi, tabwera kudzaba, osati kudzakonza!"

"Tagwirani sipanalayi."

Madamu, mwini holoselo, anawapeza choncho: wina mutu uli mu injini, wina wagwira sipanala, wachitatu manja ali m'khwapa.

"Mwalawira, ana anga! Akutumani abwana anu a kugalaja? Yanditopetsa loleyi, m'mawa uliwonse ingotsokomola ngati nkhalamba."

"Eya, mayi, atituma," anayankha Jenerali, navula chipewa.

Madamu anawabweretsera tiyi ndi buledi. Zala ananong'oneza Jenerali kuti geti likadali lotsegula. Jenerali anati munthu wothawa tiyi amakayikitsa, ndipo anawonjezera shuga.

Makapu asanathe, makaniko weniweni analowa pa njinga yamoto, atamangirira katoni ya mapulagi atsopano kumbuyo. Anali bwana uja amene anachotsa Injiniya ntchito.

"Iwe! Ukutani pa lole ya kasitomala wanga?"

"Si anyamata anu awa?" anafunsa Madamu.

"Ine ndabwera ndekha, mayi."

Madamu sanakuwe. Anatolera makapu ake, anayenda pang'onopang'ono, anatuluka pageti n'kulikhoma chakunja. Jenerali anakoka Injiniya malaya kuti akwere mpanda. Injiniya anamukankha dzanja, maso ali pa katoni.

"Bwana, mwabweretsa mapulagi? Mapulagi alibe mlandu. Ndayesa onse."

"Wayesa iweyo? Ndi chiyani, ndi lilime?"

"Ndi rile, bwana."

"Rile ya lole zimenezi siifa chisawawa. Ngati si mapulagi, ndi waya wochokera ku kiyi amene waduka."

"Tiyeni titsegule tione!"

Jenerali anayesa mpanda yekha, buluku n'kukodwa pa waya waminga, natsala akulendewera. Zala anathamangira pageti, napisa dzanja pampata mpaka kukhudza loko, koma kawaya kake kotsegulira anali atamubwereka Injiniya kuti atokosere fyuzi.

Apolisi amene Madamu anawaitana atafika, anapeza mkangano uli pachimake, ndipo anaima kaye kumvetsera. Injiniya anapereka manja ake mosavuta. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti amulole amasule kabokosiko pamaso pa bwanayo. Anamukaniza.

Ku khoti, pa 23 Juni, onse atatu anavomera mlandu. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, Jenerali anapepesa, Zala analira, Injiniya anafunsa ngati loleyo inalira.

Mlongo wake wa Injiniya atapita kukamuona kundende, Injiniyayo anamutuma ku holoselo kuti akafufuze. Anabwera ndi yankho ili: Madamu anatopa, anatsitsa mafuta ake, loleyo anaigulitsa mmene inalili kwa munthu wakutali, amene anachita kuikoka ndi thirakitala. Rileyo palibe anaitsegula.