Za Eni Zidandigwetsera m'Dibi

Ndisanayambe nditchuliretu mboni, chifukwa nkhani iyi ndikamaikamba pamaliro anthu amayang'anana. Mboni yoyamba ndi a Laitoni, khukhi wa kunyumba kwa mzungu, eni suti. Yachiwiri ndi a Chimtengo, folomani wathu, eni wotchi. Yachitatu ndi Juwawo wa ku Tete, mwini njinga. A Laitoni ndi a Chimtengo adatisiya kale, koma manda awo alipo kuseri kwa mabulugamu, mutha kukaona. Juwawo ali moyo, kungoti makutu adatseka, ndipo chilichonse mungamufunse amavomera ndi mutu. Mwa atatuwa palibe ndi mmodzi yemwe adanditsutsapo.

Kwathu ku Ntcheu ndidachoka chitaganya chitangoyamba kumene, mano onse ali m'kamwa, tsitsi likufika pachipumi. Kumudzi ndidasiya chitomero, Esinati, mtsikana wa mawu ochepa, koma woti akakuyang'ana umayamba kuulula zomwe sadakufunse. Ndidampatsa mpango wa chikole, n'kulonjeza pamaso pa atsibweni ake, a Zakeyu, kuti ndikangokolola kawiri ku Halale ndibwera ndi suti, wotchi ndi njinga. Palibe adandipempha zimenezi. Ndidazitchula ndekha, ndi pakamwa pomwe pano.

Ntchito ndidaipeza pa famu ya fodya ku Mvurwi, komwe masiku amenewo tinkati ku Mvukwesi. Ndidali wosonkha moto m'mabalani. Ntchito imeneyi imaphunzitsa munthu kudikira. Fodya samufulumiza, moto umaukweza pang'onopang'ono sabata yathunthu mpaka tsamba lichite chikasu. Ine ndidaiphunzira mopitirira, mpaka ndinkaganiza kuti ndi chibwenzi chomwe amachiotcha motero.

Mzungu wathu tinkamutcha Mangwana, ndiye kuti mawa, chifukwa pa Chishona chonse ndilo liwu lomwe adaligwira bwino. Chaka chilichonse powokera fodya ankaimirira pa thirakitala n'kulengeza kuti fodya akagulidwa bwino ku Sozibele, osonkha moto alandira bonasi. Chaka choyamba kudagwa matalala. Chachiwiri mtengo udatsika. Chachitatu fodya adagulidwa bwino kwambiri, moti mzungu adagula galimoto yatsopano, ndipo ife osonkha moto adatilola kuikhudza. (Ine ndidaikhudza kawiri.) Tandalama ta pamwezi tinkathera m'sitolo ya pa famu pomwepo. Zaka zisanu zidadutsa ine ndikuyang'ana moto.

Ndiye idafika kalata. Esinati adaphunzira ku mishoni, ankalemba yekha ndipo sankazungulira. "Kuno akuti mwasanduka mtchona. Anzanga onse ali ndi ana awiriawiri. Aphunzitsi atsopano afika kawiri kwa atsibweni. Mpango uja wayamba kung'ambika. Ndiuzeni chochita."

Munthu wanzeru akadakwera lole. Ine ndidapita kukajambulitsa.

Kumapeto kwa mwezi pasitolo pankabwera wojambula ndi bokosi lake la miyendo itatu. Ndidayamba ndi a Laitoni.

"Suti iyi idaoloka nyanja," adatero. "Idali ya mzungu, ndipo ine ndimalalikira nayo. Usakhale nayo pansi. Usapumire m'kolala."

A Laitoni adali munthu wa kukhitchini, ine wa phoso la ufa ndi nyemba, choncho suti idandizungulira kawiri. Kumbuyo tidaipana ndi mapegi asanu ndi limodzi oyanikira zovala. A Chimtengo wotchi adandiveka okha, koma sadachoke. Adaima pambali atandigwira chigongono, kuopa kuti ndithawa nayo nthawi ya pa famu. Juwawo adapukuta chishalo ndi malaya ake.

"Shamwari, njinga iyi ndi mkazi wanga. Kugwira gwira, kukwera ayi."

Sadadziwe kuti pa mbali imeneyo adali wotetezeka. Chibadwire ndidali ndisanakwerepo njinga.

Kumbuyo kwa chithunzi ndidalemba kuti, "Zonse zitatu zilipo. Ndikungodikira bonasi." M'maganizo mwanga chithunzicho chidayenera kundigulira zaka zina ziwiri. Chidandigulira masabata asanu ndi awiri.

Loweruka lina masana ndikuchokera ku balani, nditavala chiguduli choboola pakhosi, mwaye thupi lonse, oyera ali maso okha. Pachipata cha komboni padaima anthu awiri, fumbi la njira ya ku Tete lili m'nsidze. A Zakeyu adanyamula kathumba. Esinati adasenza mtolo, kumutu atamanga mpango uja. A Zakeyu adatulutsa chithunzi n'kundilozera.

"Mnyamata iwe, bwana awa amakhala nyumba iti?"

Ndidachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndikuwadziwa," ndidayankha ndi mawu a m'mphuno. "Munthu wabwino kwambiri. Khalani pamthunzi apa, ndikawaitane."

Esinati adandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

Ndidazungulira kuseri kwa mashedi, n'kukasamba ku damu mpaka madzi adada (abakha a mzungu adatulukamo ngati akhwangwala, izi a Laitoni adaziona). Alendo ndidawalandira ndi kabudula wa khaki, n'kuwauza kuti suti ndi ya Lamulungu, wotchi ikupuma, njinga akuithira mafuta. Akazi a Chimtengo adamutenga Esinati kukagona kwawo. Ine ndidayendanso makomo atatu aja, ulendo uno chogwada. Adavomera, koma mpaka teni koloko ya m'mawa basi. Nthawi imeneyo a Chimtengo amayenera kuimba simbi, chitsulo choitanira anthu ku tchalitchi, poyang'ana wotchi, a Laitoni kukalalikira ndi suti, Juwawo kukamwa mowa pa famu ya kutsidya ndi njinga.

Lamulungu m'mawa ndidatulukira muulemerero wanga wonse, njinga ndikukankha. Chifukwa cha mapegi aja sindikadawapatsa msana alendo, choncho ndikafuna kuchoka ndinkayenda chafutambuyo. A Zakeyu adakondwa nazo.

"Waona, Esinati? Chuma sichidawachotse ulemu."

Zonse zinkayenda bwino. Nthawi adandifunsa kasanu, ndipo kasanu konse ndidayankha, diso limodzi pa wotchi, linalo pa dzuwa. Kudangotsala pang'ono kuti ndipulumuke pamene a Zakeyu adayamba kusisita mawondo.

"Akamwini, miyendo yatupa ndi ulendo. Tandikwezani, ndikaone minda ya fodyayo."

"Matayala akupuma, atsibweni."

"Apuma usiku wonse."

Ndidayang'ana kwa Esinati kuti mwina andithandiza.

"Akwezeni," adatero. "Nanenso ndione mmene mumapalasira."

Anthu okwera njinga ndidawaonapo ambiri, ndipo palibe ankaoneka wanzeru kuposa ine. Ndidaganizanso kuti njinga ili ngati bulu, njira imaidziwa yokha. Pamenepa sindidalakwe. Juwawo ankagwira ntchito ku dibi la ng'ombe, kumunsi kwa komboni, ndipo njinga yake itangomva kulemera kwa anthu idanyamuka kupita kuntchito.

Njira ya ku dibi ndi yotsetsereka. Poyamba a Zakeyu adayamikira.

"Mumaithatu, akamwini."

Kenaka mapegi adayamba kuthothoka limodzilimodzi, kuwamenya pachipumi. Suti idadzaza mphepo n'kutupa ngati tenti ya pa lole. Ndidafuna mabuleki, dzanja lidapeza belu. Tidadutsa nkhanga ikuuluka, ndipo idatembenuka kutiyang'ana. Amene akukayika akafunse Juwawo.

"Imani, akamwini."

"Ndikuima, atsibweni."

"Simukuima."

"Ndikuima pang'onopang'ono."

Kwa amene simudalione, dibi ndi ngalande yakuya ya simenti, yodzaza madzi a mankhwala ophera nkhupakupa. Ng'ombe imalowera uku n'kutulukira uko. Dzulo lake lidali tsiku la dibi, madzi adali odzaza, zipata zili pululu. Ifenso tidatsata lamulo: tidalowera uku n'kutulukira uko, ine patsogolo, a Zakeyu pambuyo atagwira mchira wa jekete. Njinga idatsalira pansi. Kuyambira tsiku limenelo nkhupakupa sidandilumepo. Ana anga onse asanu ndi mmodzi sizidawalumepo. Adzukulu zimawaluma, koma mwaulemu.

Komboni yonse idatsikira kumeneko. A Laitoni adafika atavala vesiti, Baibulo lili m'khwapa.

"Ndidati usapumire m'kolala. Za kusambamo sindidaone chifukwa chozitchulira."

A Chimtengo adandivula wotchi, n'kuiika kukhutu, kuigwedeza, kuiikanso kukhutu. Juwawo adangovula malaya n'kulowa m'dibi kukavuula mkazi wake. Za ine ngati ndavulala palibe adafunsa. A Zakeyu adalavula katatu, n'kuyang'ana amuna atatuwo mmodzimmodzi, aliyense ndi katundu wake.

"Akamwini, m'chithunzi chija, chanu n'chiyani?"

"Mutu, atsibweni."

"Esinati, mawa tikukwera lole. Aphunzitsi aja ngakhale choko ndi chawochawo."

Tsiku limenelo simbi idalira mochedwa, ndipo a Laitoni adalalikira atavala epuloni, za Hananiya ndi Safira. Ine sindidapiteko. Ndidakhala kuseri kwa balani, maso akuwawa ndi mankhwala, ndikuwerenga zaka zisanu zija. Zidapita kuti? Fodya amene ndidamuotcha anthu adasuta kalekale kutsidya kwa nyanja, utsi udauluka. M'manja mwanga mudalibe kanthu, ndipo chokhacho chomwe chidali changa chinkakwera lole m'mawa mwake.

Dzuwa litapendeka ndidatsikira ku damu. Ndidampeza Esinati akuchapa suti ya a Laitoni pamwala. Ndidakhala chapatali.

"Pepani," ndidatero.

"Mwapepesa chiti? Dzulo mudapita kukaitana bwana, mnyamata wa chiguduli uja sadabwerenso. Ndimafuna ndimuthokoze."

"Mudandizindikira?"

"Makutu amenewo mwaye ungawabise?"

Adapitiriza kuchapa.

"Za chithunzi ndidadziwa tsiku lomwe chidafika. Munthu sagwira njinga yake ngati mbuzi ya eni. Ndipo pa chigongono panu pali zala zinayi zomwe si zanu."

"Nanga mudabwereranji mtunda wonsewu?"

Adafinya mkono wa jekete, n'kundiyang'ana kuyang'ana kuja.

"Atsibweni adaona suti. Ine ndidaona chipumi. Mudachoka tsitsi likufika apa, tsopano lathawira uko. Ndidati munthuyu akukalamba, inenso ndikukalamba, aliyense payekha. Zaka zisanu mwapeza zobwereka zitatu. Podzagula zanuzanu ine mano adzakhala atatha. Ndidabwera kudzaona ngati munthu wa m'kati mwa sutiyo nayenso ndi wa eni."

"Ameneyo ndi wanu."

"Ndiye nenani tsiku."

Apa ndiyenera kuulula chinthu chomwe chimandichititsa manyazi kuposa dibi. Ndidatsegula pakamwa, ndipo mawu amene adatuluka ndi akuti, "Bonasi ikangoti..."

Esinati adaika suti pamwala, adapukuta manja, adamasula mpango uja kumutu. Adaupinda bwinobwino, pong'ambika pali m'kati, n'kuuika pa udzu pakati pa iye ndi ine. Kubweza chikole kwathu sikufuna womasulira. Adanyamuka.

"Lamulungu likudzali," ndidatero.

Adaima, osatembenuka.

"Likudzali liti? La kuno kapena la mangwana?"

"Masiku asanu ndi awiri kuchokera lero. A Laitoni akhala ankhoswe anga. Ndilibe kanthu, Esinati. Ndili ndi mphasa, mapoto awiri ndi chiguduli chija."

"Chiguduli ndachiona. Chikufuna kuchapa."

Adatola mpango wake.

A Zakeyu adakana tsiku lonse Lolemba, lole n'kuwasiya akukana. Lachiwiri adati mwana wa mlongo wawo akanena wanena, iwo n'ngoperekeza chabe, koma wina asadzawatchulirenso njinga. Abusa oyendera mafamu adati ukwati wa tchalitchi ufuna kulengeza masabata atatu, ndipo Esinati adati amenewo awalola chifukwa ali ndi mapeto. Chinkhoswe chokha chidachitika Lamulungu lomwe ndidanenalo. Paukwati, m'shedi yosankhira fodya, ndidavala suti yomwe ija. Mankhwala a dibi adaifupikitsa moti a Laitoni idawakana, ine n'kundikwana ngati telala adachita kundiyeza. Ntchentche sizidafike pa phwando limenelo. Wotchi sidayendenso. A Chimtengo adayamba kuimba simbi yowerukira poyang'ana dzuwa, ndipo poti dzuwa la folomani limachedwa kulowa, komboni yonse idandida zaka ziwiri.

Ndi Esinati tidakhala zaka makumi anayi ndi mphambu, famu iyi, famu iyo, kwathu osabwererako. Tsopano agona kuseri kwa mabulugamu komweko, pafupi ndi mboni zanga ziwiri, ndipo ndikhulupirira nkhaniyi akuwakonzera. Zaka zomwe tidakhala limodzi sindiziwerenga, zidadzitha zokha mokoma. Zimene ndimawerenga ndi zisanu zija. Ndikadazipeza pena pake zitagwa, ndikadazitola n'kukamupatsa.

Bonasi idabwera. Ichi anthu ndiye amakana kwambiri, koma idabwera. Chidali chaka chomwe chitaganya chidatha, Mangwana akugulitsa famu. Adatiitana osonkha moto pakhonde, n'kutipatsa aliyense envulopu, maso ake ali ndi misozi. Ndidathamanga nayo kunyumba osatsegula. Esinati adali pakhomo, mwana wachitatu kumsana, wachinayi m'njira. Adang'amba envulopu, adasuzumiramo, adaitembenuza n'kuigwedeza kuti mwina zina zakanirira.

"Ndiye imeneyi ndinkaidikira ku Ntcheu?"

"Ndi yomweyo."

"Kagulireni belu. Njinga idzalipeza."

Belulo lilipo, lili pazenera. Njinga ndigula chaka chamawa.