Uthenga pa Makompyuta Onse

Nkhani iyi ndimaikamba nditaphimba kumaso, koma mverani.

Ndinali mphunzitsi pa sekondale ina chakufupi ndi Nguludi pamene tinalandira makompyuta akale, opanda kanthu m'kati. Intaneti kunalibe. Ndinkakwera minibasi kupita ku kafe ya intaneti ku Limbe, kukakoka Linux yaing'ono, pulogalamu yoyendetsera kompyuta, pang'onopang'ono ngati madzi a pamjigo wotha.

Kenaka ndinakonza CD yanzeru. Ukangoiika m'kompyuta n'kuyatsa, imadziikira yokha zonse osafunsa funso. Chimwemwe chake ndinkayenda ngati ndapambana chisankho.

Tsiku loonetsa linafika. Ahedi athu, Mayi Nakoma, anabwera ndi makolo a komiti, amuna a ahediwo ali pambali. Ine ndinali nditazungulitsa kale CD ija m'makompyuta onse, tsopano ndili chogwada kuseri kwa matebulo, ndikulumikiza mawaya. Makina anayaka.

"Aphunzitsi," anatero ahedi, "izi mwalemba ndinu?"

"Ndine ndemwe, Madamu!" ndinayankha pansi pomwepo, ndikuganiza kuti akunena pulogalamu.

"Munayamba liti maganizo amenewa?"

"Tsiku lomwe munandipatsa kiyi wa chipinda chino. Chiyambire mtima sunakhale m'malo."

Wina anatsokomola.

"Nanga kunali kofunika kuti anthu onse aone?"

"Ndiye cholinga chake, Madamu. Ndipo zikangoyamba palibe angaziletse."

"Simukuopa?"

"Ndiope chiyani? Ndayeserera kambiri kunyumba."

Ndinadzuka ndikumwetulira, kudikira kuti andiombere m'manja. Ndipamene ndinaona masikirini. Kuyambira pakhomo mpaka pawindo, iliyonse inalemba zilembo zikuluzikulu: ESNART, NDIMAKUKONDA. TIKWATIRANE.

Mawuwo ndinawalemba poyesa makina oyamba, kuti ndidzadabwitse chibwenzi changa Esnart wa ku Mauwa, ndipo ndinaiwala kuwafufuta. CD yokhulupirika ija inawakopera paliponse.

"Pepani, Madamu," ndinachita chibwibwi, "si za sukulu izi. Ndi za Esnart."

"Tikudziwa kuwerenga," anatero mayi wina wa komiti. "Esnart ndi ahedi anuwa."

Ine dzina lawo loyamba ndikanalidziwira kuti? Tonse tinkangoti Madamu.

Amuna awo anavula magalasi, kuwapukuta bwinobwino, n'kubwera pafupi nane.

"Achimwene," anatero mofatsa, "ndamva kuti makina anuwa safunsa mafunso. Ine ndili nawo angapo. Tiyeni panja."

Kompyuta siisunga chinsinsi, abale anga, imangochichulukitsa.