Mpira wa mausi umene sunabedwe

Pali nkhani imene alamu anga a Yusufu amaikamba paliponse pamene pasonkhana anthu, ndipo amaithira mchere wambiri. Ndiye bola ndiikambe ndekha, manyaziwo ndidzisenzetse ndekha.

Zinali zaka zija aliyense ankafuna nyimbo mu fulashi. Apongozi anga, a Saidi, ali ndi golosale pa Lirangwe, ndipo pambali pake panali kachipinda kongokhala. Tinkakalimbirana anthu awiri: ine, ndi wometa wina dzina lake Gifiti. Apongozi anagamula mwachidule. "Amene andionetse bizinesi yooneka ndi maso Loweruka lino, kiyi ndi wake."

Ine mtima dyokodyoko! Ndinali nditaphunzirako kompyuta pang'ono m'tauni, moti ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Ndinati bizinesi yanga ikhala yoikira anthu nyimbo mu fulashi.

Ndinamva kuti ku Chileka kuli a Matewere, bambo opuma pantchito amene kale ankajambula mapu, ndipo akugulitsa kompyuta. Ndinathamangirako. Abale inu, chimakina! Bokosi lake lafulati ngati sutikesi, sikirini yake chimutu cholemera kuposa thumba la feteleza, pulagi ya sikiriniyo ya mano akuluakulu amene sindinawaonepo kwina kulikonse.

"Iyi si kompyuta wamba, achimwene," anatero a Matewere akuisisita. "Amati wekisiteshoni. Nthawi yake mtengo wake unali wa galimoto, ndipo ankaigwira ndi mainjiniya okhaokha. Kiyibodi yakeyake, mausi yakeyake, za makompyuta enawa sizilowapo. Kampani yake inasiya kalekale kupanga mtundu umenewu. Musataye kanthu, sipeya kulibe."

Ine ndinangomva "galimoto" ndi "mainjiniya". Zinazo zinapita ndi mphepo.

A Yusufu, amene amapalasa kabaza, ndi amene anandinyamulira katunduyo kuchokera pa siteji. Nditamasula makatoni ndinapezamo kachitsulo kafulati, konyezimira, ka timizere ting'onoting'ono ngati kope la masamu. Ndinati ndithu a Matewere ndi munthu wabwino, andiikira ndi basela yemwe! Ndinagula penti wofiira, n'kulembapo INJINIYA MAKWINJA, n'kukakhoma ndi misomali pachitseko cha kachipinda kaja, ngati kiyi ndalandira kale.

Loweruka pakhonde pa kachipinda kaja panadzaza. Amayi a tomato anasiya malonda, a kabaza anaimika njinga, ngakhale Gifiti anabwera ndi makina ake ometera m'manja. Apongozi anakhala pampando kutsogolo, manja pamimba.

Ndinadina batani. Chimakina chinabangula ngati chigayo chikuyamba. Sikirini inayera, kunatsika zilembo zakuda zambirimbiri, kenako timawindo tinatseguka.

"Yayaka! Yayaka!"

Anthu m'manja phwaphwaphwa. Ine chimwemwe chinandifika m'khosi. Ndinagwira mausi mwaulemu, n'kuikankha patebulo.

Kamuvi ka pa sikirini zii.

Ndinakankhanso. Ndinaikhutiza pa thalauza, pa katoni, pakhoma. Kamuvi kali phee pakati, kundiyang'ana. Thukuta linayamba kutsika.

Ndiye ndinaitembenuza. Ma mausi onse amene ndinagwirapo m'tauni anali ndi kampira pansi. Iyi inali ndi timabowo ndi kakuwala kofiira basi.

"Mpira kulibe!" ndinakuwa. "Anthu inu, wina waba mpira!"

"Mpira wanji, alamu?" anafunsa a Yusufu.

"Kampira kamene kamagubuduka pansipa. Kuchoka pa siteji kufika pano, katunduyu ananyamula ndani?"

"Aaa, alamu! Ine ndibe kampira? Ndikaseweretse kuti?"

"Pisani m'thumba tione!"

A Yusufu anakhuthula matumba patebulo mokwiya. Munatuluka sipanala, mtedza, labala ya chubu, kenako kampira kachitsulo kanagubuduka n'kudzaima pafupi ndi dzanja langa.

"Si aka!" ndinalumpha. "Mwaona? Si aka!"

"Ka habu ya njinga ako, inu!"

Ndinalibe makutu. Ndinakakankhira m'kabowo ka mausi, kanagwa. Ndinakakankhanso, kanagwanso n'kuthawira pansi pa mpando wa apongozi.

Apongozi sanaseke. "Akamwini," anatero motsitsa mawu, "mwana wanga mwamutchula wakuba pamaso pa msika wonse. Umboni muli nawo?"

"Ndili nawo, bambo! Tiwaimbire eni ake, anene okha kuti mpira unalimo."

Ndinaimba, ndipo mwa nzeru zanga ndinaika foni pa laudi, n'kuikweza m'mwamba kuti ngakhale a kumbuyo amve.

"A Matewere, ndi Makwinja. Tawauzani anthu kuno, mausi ija munandipatsa ili ndi mpira, si choncho?"

"Mpira?" anatero a Matewere. "Mausi imeneyo sinakhalepo ndi mpira chiipangireni. Imayenda ndi kuwala. Imawerenga timizere ta pa kachitsulo kaja ndinakuikirani m'katoni. Popanda kachitsuloko, mausiyo ndi mwala. Mwakaika pati?"

Mitu yonse inatembenukira kuchitseko nthawi imodzi.

Gifiti, poti ndi munthu wothandiza, anayandikira foni. "Kali pachitseko, bambo. Akakhoma ndi misomali. Alembapo kuti Injiniya Makwinja."

A Matewere anaseka, anatsokomola, anasekanso, mpaka mayunitsi anga anatha. Koma msika unapitiriza pamene iwo analekera. Mayi wina wa tomato anachita kukhala pansi, atagwira nthiti.

Mayo ine! Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinabwereka nyundo kwa a Yusufu omwewo, n'kuzula chikwangwani changa. Apongozi anatumiza parafini kuchokera mu golosale, ndipo ndinagwada pakhonde n'kuyamba kupukuta uinjiniya wanga ndi kansanza, anthu akuwerengera mokweza zilembo zimene zatsala.

Nditaika mausi pa kachitsulo kaja, kamuvi kanayenda! Kanapita uku, kanabwerera uku. Anthu anakuwanso, ndipo ine mtima unabwerera m'malo. Ndinati mwina kiyi akadali wanga.

Mayi wa tomato uja anandipatsa fulashi. "Ndiikireni zakwaya, achimwene."

Ndinafufuza pobaya kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, mpaka pansi. Mabowo analipo ambiri, ena aatali, ena ozungulira, koma la fulashi ng'o. Chimakinacho chinapangidwa fulashi isanabadwe.

Apongozi anadzuka, anapisa m'thumba la mkanjo, n'kupereka kiyi kwa Gifiti. Kenako anandiyang'ana. "Akamwini, munakuwa ponena za kuba. Popepesa mukuwenso chimodzimodzi."

Ndinakuwa ndithu. "Alamu, pepani! Simunabe!"

"Sitinamve kumbuyo kuno!" anatero a kabaza anzawo, ndipo ndinabwereza.

Anthu atabalalika, ndinali nditakhala pakhonde kusowa koyambira, Gifiti anabwera n'kugogoda bokosi lija ndi chala.

"Achimwene, chitsulo ichi n'cholimba. Mungandibwereke? Ana akakhala pampando amafupika, ndimachita kuwerama."

Ndiye mukadzadutsa pa Lirangwe, dzasuzumireni mu shopu ya Gifiti. Mudzapeza mwana akumetedwa, atakhalira makina a mtengo wa galimoto. Zaka zonsezi sanapindike n'komwe. A Matewere sananame, analidi makina apamwamba.

Musanafunse kuti waba ndani, yambani mwafunsa ngati chinthucho chinalipo.