Nsapato Yanga m'Chimangirizo cha Felesita

Aphunzitsi ambiri amadandaula kuti ana samva. Ine vuto langa linali lina: mwana mmodzi anamva zonse, ndipo n'chifukwa chake ndinakhala zaka zinayi pachilumba cha Chisi.

Nthawi imeneyo, m'masiku a chipani chimodzi, ndinkaphunzitsa Chichewa Sitandade 8 pasukulu ina ya kwa Mwambo. Ndinali nditapempha kuti andisamutsire ku Zomba m'tauni, kumene kunkakhala mkazi amene ndinamutomera, ndipo ahedi anali atalonjeza kundilembera kalata yabwino. Chotsala chinali kungokhala munthu wolongosoka mpaka ainsipekita atabwera.

Koma malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa. Lachinayi lina ndinatumiza uthenga kusukulu kuti malungo andigwetsa, ine n'kupalasa njinga mpaka kudoko la Kachulu kukapikula matemba oti ndikagulitse (wantchito m'boma sankaloledwa kuchita geni, choncho ndinavala chipewa). Pothamangira bwato limene linkafika, ndinaponda pamene asodzi saponda. Mwendo unalowa m'matope mpaka m'bondo. Nditauzula, nsapato inatsala momwemo. Ndinapisa mkono, n'kuitulutsa itang'ambika kutsogolo. Podzutsa mutu ndinaona Felesita, mtsikana wa m'kalasi mwanga, akuyanika nsomba ndi amayi ake. Nayenso anali atajomba. Tinayang'anana, aliyense n'kuyang'ana kumbali. Ine ndinkayesa kuti tamvana.

Nsapato ija ndinaimanga ndi waya, chifukwa ina ndinalibe.

Sabata yotsatira tinali pa chimangirizo. Ana anga ankalemba nkhani zozizira: "Ndinapita kumsika. Kunali kwabwino. Ndinabwerako."

"Kwabwino n'chiyani?" ndinakalipa. "Ndikamawerenga ndizionako, ndizimva fungo lake, phokoso lake lizindilowa m'khutu! Musandiuze kuti munthu anali wosauka, ndionetseni chigamba chake. Dzina musatchule n'komwe. Mukamufotokoza bwino, owerenga amudziwa okha. Mwamva kapena simunamve?" (Mawu omalizawa akuti ndinkawanena pafupipafupi. Mwini wakene sindinkadziwa.)

Ndinawapatsa mutu wakuti "Zimene Ndinaona ndi Maso Anga". Makope anabwera, ine n'kuwaunjika patebulo kuti ndidzachonga ndikapeza mpata. Mpatawo usanapezeke, ainsipekita anatulukira m'mawa wina, nakhala kumbuyo kwa kalasi pamodzi ndi ahedi.

"Aphunzitsi, mwana mmodzi atiwerengereko zimene walemba," anatero ainsipekita.

Ndinaloza Felesita. Ndinamusankha ndekha, popanda wondikakamiza, poti anali wanzeru kuposa onse.

Anaimirira, nayamba. "Lachinayi lina kudoko kunkanunkha matemba ndi utsi wowambira milamba. Kunafika bambo wina wovala chipewa chofika m'maso. Pathumba lakumbuyo la buluku lake panali zala zinayi za choko."

Ndinagwedeza mutu monyadira. Zala za choko! Mwana wandimva uyu. Kenako mutu unasiya wokha kugwedera.

"Bamboyo anathamangira bwato, matope n'kumugwira mwendo kuti khwaphu! Asodzi atayamba kuseka, iye anakuwa kuti, 'Tandikokani inu! Mwamva kapena simunamve?'"

Mwana wina kumbuyo anatsamwa ndi malovu.

"Nsapato yake yakumanzere," anapitiriza Felesita, mosathamanga monga ndinamuphunzitsira, "inatuluka itayasama ngati mlamba."

Mitu yonse inaweramira pansi, koma osati ndi manyazi. Inkafuna phazi langa lakumanzere. Ndinalikokera kuseri kwa lamanja, waya uja n'kukanda simenti mpaka mawu anamveka pakhomo.

Ainsipekita, amene sankadziwa za malungo anga, anaomba m'manja. "Aphunzitsi, mwagwira ntchito. Munthu ameneyu ndikumuona ngati waima pomwe pano."

"Inenso ndikumuona, bwana," anatero ahedi.

Mlendo atachoka, ahedi anandiitana muofesi. Sanakweze mawu, ahedi athu sankakweza mawu.

"Malungo aja anatha, aphunzitsi?"

"Anatha, ahedi."

"Tithokoze Mulungu. Kalata ija ndilemba lero lomwe. Koma munthu wokonda nyanja chonchi, kumutumiza m'tauni n'kumuzunza. Ku Chisi kukusowa mphunzitsi wa Chichewa."

Potuluka ndinapeza Felesita akusesa pakhonde. "Iwe," ndinanong'ona, "suja tinamvana?"

"Koma dzina sindinatchule, aphunzitsi. Munati tisatchule."

Ndinatembenuka n'kubwerera m'kalasi.

Mkazi wa ku Zomba uja anabwera kamodzi kuti adzandione. Anafika pa Kachulu, nayang'ana bwato, nayang'ana matope, n'kukwera galimoto yomwe inamubweretsa. Chaka chisanathe anakwatiwa ndi kalaliki. Zinandipweteka kwambiri, ndipo kwa nthawi yaitali matemba sindinkawafuna m'mbale mwanga.

Ndisanasamuke ndinayenera kuchonga makope aja. La Felesita ndinalisiya komalizira. Ndinakhala nalo masana onse, cholembera chofiira chili m'manja, kufunafuna poti ndimudulire malikisi. Ndinafika mpaka potembenuza buluku langa lija kuti ndione pathumba, mwina mwana ananama. Zala zinali zinayi ndithu.

Ndinamupatsa malikisi onse. Phunziroli ndimaphunzitsabe mpaka lero, mawu ake omwewo, kungoti makope ndimachonga tsiku lomwelo.