Angelo a pa Khoma la ku Mphuka

Ku Mphuka aliyense ankadziwa kuti a Luciano sajambula mngelo amene sanamwepo naye tiyi. Ntchito yawo inali yolemba maina pa mabwato, koma tchalitchi cha m'mudzimo chitamangidwa, anapempha khoma limodzi.

Mngelo woyamba anatuluka wopanda dzino lakutsogolo. Wachiwiri anali wadazi, zidendene zong'ambika, nkhafi kumanja. Katekisiti Tenson anathamangira komweko ndi buku la ku mishoni.

"Ba Luciano, onani apa. Tsitsi lagolide, khungu loyera, zeze m'manja."

"Ameneyo atatsika pa Zambezi mu Okutobala, angapse ngati mbatata uthenga asanapereke."

"Nanga dazili?"

"Kumwamba sameretsa tsitsi, mwana wanga. Amakhululukira machimo chabe."

Anthu anaseka mpaka pamene mai Alzira analowa. Maiwo anaima, kenaka anangokhala pansi. Wadaziyo anali Eston, amuna awo, amene mvuu inawagubuduzira bwato, mtembo osapezeka. Panalibe manda, panalibenso chithunzi. Apo m'pamene mudzi unazindikira: aliyense amene mtsinje unamutenga osamubweza, a Luciano ankamuika pakhomapo. Anakwana asanu ndi awiri.

"Mphunoyi mwaikulitsa," anadandaula mai Alzira.

"Mlamu, ndachita kuichepetsa. Ndinawamvera chisoni angelo anzake."

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse maiwo ankalawirira kudzauza amuna awo za mbuzi, za mapira, ndi za mwana amene wayamba mwano.

A Luciano anamwalira chaka chatha, zala zikali ndi utoto. Mvula yotsatira inaboola denga, madzi n'kumatsika ndi khoma. Mai Alzira anatchinga ndi chitenje, kenaka ndi thumba la feteleza, koma nkhope zija zinkasendeka ngati mamba a nsomba. Akomiti ya tchalitchi, pofuna zabwino, anaitana katswiri wojambula wa ku Lusaka. M'masiku atatu khoma linawala: angelo osalala, mano okwana, mapazi osaponda pansi.

Mai Alzira anawayang'ana mmodzimmodzi, kufunafuna. Tenson, amene analakalaka angelo otere zaka zonsezi, anangoweramira pansi.

"Ndi okongola," anatero maiwo. "Koma alendowa ndiwauza chiyani? Bambo a ana anga amira kachiwiri."

Masiku ano safikanso molawirira. Amakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo loyang'ana kumtsinje.